MZATI WOCHOKERA KU HARARE: MBIRI YA TENDAI MTAWARIRA

Mu timu iriyonse ya mpira wa ragibi mumakhala amuna awiri amene woonerera wachilendo sawasamala konse. Sathamanga kwambiri, mpira saugwira kawirikawiri, ndipo pamene masewero afika povuta nkhope zawo zimakhala zitakwiririka pansi pa mulu wa anzawo. Angerezi amamutcha munthu wotere prop, ndiko kunena mzati kapena mchirikizo, monga mtengo uja timaimika pansi pa nthochi yolemedwa ndi mkoko wake. Nkhani yathu mwezi uno ndi ya mmodzi wa amuna oterewa, Tendai Mtawarira, amene anabadwira ku Harare m'dziko la Zimbabwe pa 1 Ogasiti 1985, nasewerera dziko la South Africa ka 117. Ntchito ya umzatiyi sanakule nayo, anachita kuiphunzira atakula kale, ndipo dziko limene analisenza pa mapewa ake linayamba lamukayikira ngati ali woyenera kuvala malaya ake.

Popeza ambiri a inu, awerengi, munazolowera mpira wa miyendo, nkoyenera kuti tiyambe tafotokoza pang'ono za masewerowa. Timu ya ragibi imakhala ndi anthu 15, ndipo amasewera mphindi 80. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira. Munthu aloledwa kuunyamula ndi kuthamanga nawo, koma poponyera mnzake ayenera kuponya chammbuyo kapena chammbali, osati kutsogolo ai. Woukhazika pansi kuseri kwa mzere wa adani amapezera timu yake mapointi 5, ndipo pambuyo pake pamabwera mwayi woumenyera pakati pa mitengo iwiri yaitali kuti awonjezere ena 2. Timu ikalakwira lamulo lalikulu, anzawo amapatsidwa mpira wa chilango, umene ukalowa pakati pa mitengo ija ubweretsa mapointi 3.

Tsono pakachitika cholakwa chaching'ono, monga kugwetsera mpira kutsogolo, woimbira amaitanitsa chimene amachitcha sikiramu. Amuna 8 a mbali iyi amakolowekana manja ndi mapewa m'mizere itatu, 8 a mbali inayo chimodzimodzi, kenaka magulu awiriwa amawerama nagundana mapewa, mpira nuponyedwa pakati pawo. M'matimu a maiko, gulu limodzi lotere limalemera pafupifupi makilogalamu 900. Mphamvu yonse ya okankha kumbuyo ndi yonse ya adani imakomana pa makosi ndi misana ya amuna atatu a mzere wakutsogolo: wovala nambala 2 pakati, ndi mizati iwiri, nambala 1 kumanzere ndi nambala 3 kumanja. Wa nambala 1, amene ndiye anali Mtawarira, mutu wake umakhala kunja kwa mulu, ndipo amayang'anana ndi wa nambala 3 wa adani. Iye amafuna kulowa pansi pa chifuwa cha mnzakeyo ndi kumutukula. Mnzakeyo amafuna kumupsinjira pansi. Amene wagonja, kaya wagwa, kaya watumphukira m'mwamba, kaya wapotoka, ndiye amene woimbira amamulanga. Motero timu imene mizati yake iri yofooka imangopereka mapointi atatuatatu mpaka masewero kutha, ngakhale itakhala ndi anyamata a liwiro la gwape.

Mtawarira anaphunzira pa sukulu ya Churchill mumzinda wa Harare, ndipo pambuyo pake, chifukwa cha luso lake pa masewero, anapatsidwa malo pa Peterhouse, sukulu ya mpingo wa Anglican imene iri pafupi ndi Marondera. Dzina loti Beast, ndiye kuti Chirombo, anamupatsa ndi ana anzake akali wamng'ono chifukwa cha thupi lake ndi nkhongono zake, ndipo linamukanirira moyo wonse. Kusukuluko sanali mzati konse. Ankasewera mu mzere wakumbuyo wa sikiramu, malo a anthu amene amanyamula mpira ndi kugwetsa adani poyera, aliyense akuona ndi kuombera m'manja. Anasankhidwa m'timu ya ana a sukulu ya Zimbabwe, ndipo atatsiriza maphunziro ake anapita ku Durban, kusukulu yophunzitsa achinyamata ya timu ya Sharks.

Kumeneko ndiko kunachitika chinthu chimene chinatembenuza moyo wake. M'chaka cha 2006 mphunzitsi wa Sharks, a Dick Muir, anamuuza mosabisa kuti pa malo amene anazolowerawo sadzafika patali, koma akalola kusamukira ku mzere wakutsogolo angathe kudzasewerera dziko. Mnyamata wa zaka pafupifupi 21, amene anali ngwazi kusukulu, sakondwa kumva mawu otere. Kusamuka kumeneku nkovuta koposa m'mene kuonekera, pakuti mizati yambiri imayamba ntchitoyi idakali ana, khosi ndi msana zikumakhwimira momwemo. Woyamba atakula amapindidwa ngati bango ndi anthu ochepa mphamvu kuposa iye, amene angodziwa poika phazi ndi pogwira dzanja. A Balie Swart, amene anali mzati wa South Africa pamene dzikolo linatenga chikho cha dziko lonse m'chaka cha 1995, ndiwo anamugwira dzanja pomuphunzitsa. Ife aphunzitsi tidziwa kuti mwana wosadziwa kanthu savuta kumuphunzitsa. Wovuta ndi uja amene anatamandidwa kale pa chinthu china, ndipo tsopano ayenera kukhala wotsiriza m'kalasi. Mtawarira analola kukhala wotsiriza. Chaka chomwecho anayamba kusewera m'mpikisano wa zigawo za South Africa wotchedwa Currie Cup, m'chaka cha 2007 analowa mu mpikisano wa matimu a South Africa, Australia ndi New Zealand, ndipo pa 14 Juni 2008, ku Pretoria, anavala kwa nthawi yoyamba malaya obiriwira a timu ya dziko, ya Springboks, polimbana ndi Wales.

Kuti timvetse kulemera kwa malaya amenewo tiyenera kukumbuka kumene anachokera. Kwa zaka zambiri za ulamuliro wa tsankho timu ya Springboks inali ya Azungu okhaokha, ndipo anthu akuda ambiri ankakondwera ikagonja. Munthu woyamba wosakhala Mzungu kuisewerera anali Errol Tobias, m'chaka cha 1981. Ngakhale tsankho litatha, osewera akuda ochepa amene ankasankhidwa ankaikidwa kawirikawiri m'mbali mwa bwalo, pa malo a othamanga, ngati kuti ntchito ya mphamvu ndi nzeru ya pakati pa mulu inali cholowa cha ana a alimi a Chibunu. Amene anavala nambala 1 Mtawarira asanabwere anali Os du Randt, mlimi wa thupi lalikulu amene anatenga chikho cha dziko lonse kawiri, mu 1995 ndi mu 2007. Dzina loti Os m'chinenero chawo ndiye kuti ng'ombe ya pa goli. M'malo mwa ng'ombeyo munalowa Chirombo cha ku Harare. Tisaiwalenso kuti mwezi wa Meyi 2008, masabata ochepa chabe iye asanasewere koyamba, ndi umene kunabuka chipolowe chothamangitsa alendo, kuyambira ku Alexandra mumzinda wa Johannesburg. Anthu oposa 60 anaphedwa, ndipo abale athu ambiri, pamodzi ndi a ku Mozambique ndi a ku Zimbabwe, anathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Dziko lomwelo, mwezi wotsatira, linali kufuula dzina la mlendo m'mabwalo ake.

Kufuula kumeneku kunasanduka mwambo. Nthawi iriyonse akagwira mpira, khamu lonse linkakoka dzina lake lija ndi mawu apansi, ngati kulira kwa ng'ombe zambiri m'khola, kotero kuti mlendo womva koyamba ankayesa kuti akumunyoza.

Tsiku limene dziko lonse la ragibi linamudziwa ndi la 20 Juni 2009. Kamodzi pa zaka zinayi zirizonse maiko a England, Scotland, Wales ndi Ireland amasankha osewera awo opambana napanga timu imodzi yotchedwa British and Irish Lions, imene imayendera South Africa, Australia ndi New Zealand mosinthana. Motero ku South Africa imafika kamodzi pa zaka 12, ndipo osewera ambiri abwino amakalamba osakomana nayo. Masewero oyamba a ulendo umenewo anachitikira ku Durban, pa bwalo la kwawo kwa Sharks, ndipo mzere wakutsogolo wa Springboks unali wa anthu a Sharks okhaokha: Mtawarira, Bismarck du Plessis ndi kaputeni John Smit. Woyang'anana ndi Mtawarira anali Phil Vickery wa ku England, munthu wa zaka 33, amene anatenga nawo chikho cha dziko lonse mu 2003 natsogolera dziko lake mpaka masewero otsiriza a chikho cha 2007. Mtawarira anali ndi zaka 23, ndipo pa malo amenewa anali atakhalapo zaka zitatu zokha.

Chimene chinachitika anthu amachikambabe. Sikiramu ndi sikiramu Vickery ankatukulidwa, mutu wake nutulukira pamwamba pa mulu, mapazi ake akubwerera m'mbuyo, ndipo woimbira, a Bryce Lawrence a ku New Zealand, ankangomulanga. Chigawo chachiwiri chitangoyamba aphunzitsi ake anamutulutsa nalowetsa Adam Jones wa ku Wales. South Africa inafika potsogola ndi mapointi 26 kwa 7, ndipo ngakhale alendowo anadzambatuka kumapeto, masewero anatha 26 kwa 21. Sabata yotsatira ku Pretoria Springboks inapambananso 28 kwa 25, ndi mpira wa chilango umene Morné Steyn anamenya ali kutali nthawi itatha.

Pano tiyenera kunena zoona mbali zonse. Olemba nkhani ambiri a ku Britain anadandaula kuti Mtawarira sankakankha molunjika monga lamulo lifunira, koma ankalowa chopingasa, ndi kuti woimbira analanga munthu wosalakwa. Mikangano yotere siitha m'masewerowa, chifukwa zochitika pansi pa mulu woimbira amaziona mbali imodzi yokha. Ndiponso m'masewero achitatu, ku Johannesburg, Vickery anabwezedwa pa malo ake naima nji osasunthika, Lions nipambana 28 kwa 9. Kwa ine ichi sichichepetsa Mtawarira, koma chionetsa m'mene ntchitoyi iriri: palibe mzati amene sanakankhidwepo chambuyo, ndipo wa nzeru ndi amene abwera sabata yotsatira atakonza poika phazi. Chaka chomwecho Springboks inatenganso chikho cholimbirana ndi Australia ndi New Zealand.

Pamene mbiri yake inali pamwamba pomwe ndi pamene panabuka mlandu wa unzika. Malamulo a bungwe loyendetsa ragibi pa dziko lonse ankalola munthu kusewerera dziko limene wakhalamo zaka zitatu, ndipo Mtawarira anali atakwanitsa zimenezo. Koma m'mwezi wa Novembala 2009 unduna wa zamasewero wa South Africa unadzudzula akuluakulu a ragibi chifukwa chosankha munthu wosakhala nzika, pakuti iye anali adakali ndi pasipoti ya Zimbabwe. Nduna yake pa nthawiyo inali a Makhenkesi Stofile, amene awerengi ena angakondwe kudziwa kuti anali mbusa wa mpingo wa Chipresbiteriyani, wosewera ragibi pa unyamata wawo, ndi mmodzi wa amene analimbana kolimba kuti maiko ena asasewere ndi Springboks ya tsankho. Mfundo ya unduna wawo inali yakuti malaya a dziko ndi a nzika za dziko, ndipo mfundoyo payokha si yopusa. Choipa chinali kalankhulidwe ka ena. Kumayambiriro kwa 2010 wapampando wa komiti ya zamasewero m'Nyumba ya Malamulo, a Butana Komphela, anafika ponena poyera kuti mnyamatayo abwezedwe kwawo. Munthu amene anali atasewerera dzikolo koposa ka 20, amene miyezi ingapo m'mbuyomo anali kuimbiridwa m'manja ndi fuko lonse, anakambidwa ngati wolowa m'dziko mozemba.

Iye sanayankhe mwachipongwe. Anapitiriza kusewerera Sharks, ndipo pamene Springboks inasewera ndi Wales, France ndi Italy m'mwezi wa Juni 2010 anakhala pambali kuonerera. Pa 25 Juni, pamene dziko lonse linali ku South Africa kudzaonera chikho cha mpira wa miyendo, nduna yoona za m'dziko, Mai Nkosazana Dlamini-Zuma, inamupatsa unzika, ndipo anabwerera m'timu.

Zaka zotsatira sizinali za chikondwerero chokhachokha. Ndi Sharks anatenga Currie Cup mu 2008, mu 2010 ndi mu 2013, koma chikho cha mpikisano waukulu wa matimu a maiko atatu uja sanachikhudze; mu 2012 anafika pa masewero otsiriza nagonja kwa Chiefs ya ku New Zealand 37 kwa 6. M'chaka chomwecho ndimo anachita chinthu chimene chithunzi chake chinazungulira dziko lonse. Polimbana ndi Stormers, ananyamula mnzake Anton Bresler, munthu wamtali ndi wolemera, kuti awakhe mpira m'mwamba. Bresler anapendekera chagada, mutu kuloza pansi, kuseri kwa msana wa womunyamulayo. Mtawarira anamugwira kabudula osamutaya, namusunga lende m'malere mpaka anamubwezera bwinobwino pa mapazi ake. Akanamuleka, khosi likanathyoka.

Thupi lamphamvu chotero linali ndi chilema chake chobisika. Mtima wake unkayamba nthawi zina kugunda mofulumira ndi mosalongosoka. M'mwezi wa Novembala 2012, timu iri ku Dublin kukonzekera kusewera ndi Ireland, anatengeredwa kuchipatala ndipo sanasewere. Madokotala anamuthandiza, nabwerera pa bwalo chaka chotsatira. Iye mwini wakhala akunena poyera kuti ndi Mkhristu, ndi kuti m'masiku amenewo chinamulimbitsa ndi pemphero pamodzi ndi banja lake.

Timu ya dziko nayo inadutsa m'chigwa. Pa chikho cha dziko lonse cha 2011 inatulutsidwa ndi Australia, 11 kwa 9. Pa cha 2015 inachititsidwa manyazi ndi Japan ku Brighton, 34 kwa 32, ngakhale kuti inadzuka nitsiriza pa nambala yachitatu. Mu 2016 inagonja kwa Italy kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake, ndipo mu 2017 New Zealand inaikwapula 57 kwa 0. Anzake ambiri a msinkhu wake anali atapita ku France, ku England ndi ku Japan kumene malipiro anali ochuluka. Mtawarira anakhalabe ku Durban. Anasewerera Sharks ka 159 mu mpikisano waukulu uja, kuposa m'mene wina aliyense wa ku South Africa anali atachitira kufikira nthawi imeneyo, ndipo onsewo mu timu imodzi. Pa 16 Juni 2018, ku Bloemfontein, anasewerera dziko ka 100 pamene Springboks inagonjetsa England 23 kwa 12. Anali munthu wachisanu ndi chimodzi kufika pa chiwerengero chimenechi, ndipo amene anatsogolera timu tsiku limenelo anali Siya Kolisi, kaputeni woyamba wakuda, amene mphunzitsi watsopano, a Rassie Erasmus, anali atangomusankha kumene.

Chikho cha 2019 chinachitikira ku Japan, Mtawarira ali ndi zaka 34, msinkhu umene mawondo a mzati amakhala atayamba kudandaula. Springboks inagonja kwa New Zealand m'masewero ake oyamba, 23 kwa 13, ndipo kufikira nthawiyo panalibe timu imene inatengapo chikhocho itagonjako m'gawo loyamba. Polimbana ndi eni dziko, iye anatulutsidwa kwa mphindi 10 chifukwa chogwetsa mdani moopsa, koma anzake anapirira napambana 26 kwa 3. Anapambananso Wales movutikira, 19 kwa 16. England, imene anayenera kukomana nayo pomaliza, inali itangogonjetsa New Zealand 19 kwa 7, ndipo odziwa za masewerowa ambiri anali ataipatsiratu chikho.

A Erasmus anali ndi njira yawo. Pa osewera 8 odikira panja, 6 anali a m'sikiramu, kotero kuti oyamba sanafunikire kusunga mphamvu. Ankauzidwa kuthira zonse kwa mphindi 40 kapena 50, ena atsopano nadzalowa. Pa 2 Novembala 2019, ku Yokohama, mphindi yachitatu yokha, mzati wa nambala 3 wa England, Kyle Sinckler, anagundana ndi mnzake wa timu yomweyo nakomoka. M'malo mwake munalowa Dan Cole, amene anakonzekera kusewera mphindi zochepa za kumapeto, koma tsopano anayenera kusenza pafupifupi masewero onse. Zimene zinachitikira Vickery zaka 10 m'mbuyomo zinabwerezeka. Mtawarira kumanzere ndi Frans Malherbe kumanja anakankha gulu la England chambuyo mobwerezabwereza, woimbira wa ku France, a Jérôme Garcès, nakweza dzanja, Handré Pollard namenya mpira pakati pa mitengo. Popita kokapuma South Africa inali patsogolo 12 kwa 6, yonse ya mipira ya chilango. Chigawo chachiwiri chitangoyamba Mtawarira anatuluka, Steven Kitshoff nalowa m'malo mwake. Zimene anthu ambiri amakumbukira ndi za kumapeto, pamene Makazole Mapimpi ndi Cheslin Kolbe anathamanga nakhazika mpira kuseri kwa mzere, masewero natha 32 kwa 12. Koma miyendo ya Angerezi imene inalephera kuwagwira othamangawo inali itatopetsedwa kale m'sikiramu.

Patangopita masiku anayi, pa 6 Novembala, analengeza kuti wapuma kusewerera dziko. Pa nthawiyo anthu awiri okha, Victor Matfield ndi Bryan Habana, ndiwo anali atavala malaya a Springboks koposa iye, ndipo panalibe mzati wina wa dzikolo amene anafikapo pa chiwerengero chake. M'masewero onse 117 aja iye mwini anakhazika mpira kuseri kwa mzere kawiri kokha.

M'chaka cha 2020 anapita ku America kukasewerera timu ya Old Glory DC ya ku Washington, koma mliri wa Covid-19 unaimitsa mpikisanowo utangoyamba, ndipo kusewera kwake kunathera pomwepo. Chaka chomwecho anayambitsa bungwe lotchedwa The Beast Foundation, lothandiza achinyamata a mu Africa pa maphunziro ndi pa masewero.